Mazira a Chakusa Pamwamba pa Kabati

Chaka chimene anandikweza kukhala kapitawo wa othyola tiyi, anatipatsa nyumba ya kumapeto kwa laini, kufupi ndi munda wa bulugamu. Nyumbayo inali yabwino, koma makoswe anali atalowamo kale ife tisanafike. Anadya chimanga, anadya sopo, mpaka kolala wa malaya anga a kutchalitchi. Mphaka tinamuyesa, koma ankangogona.

Tsiku lina othyola tiyi anakuwa m'munda kuti kuli njoka. Nditafika ndinapeza ali chakusa, njoka yofiirira ija yopanda ululu, imene ndiwo yake ndi makoswe. Ndinawauza kuti ndikaiphera kutali, koma ndinaiponya m'thumba n'kupita nayo kunyumba. Patatha mlungu ndinapeza inzake pa mulu wa nkhuni za kufakitale. Zonse ziwiri ndinazitsekera m'bokosi lakale la tiyi kuseri kwa khola la nkhuku, n'kumazipatsa makoswe a pamsampha. Maganizo anga anali oti ziswane, anawo ndidzawamwaze kudenga ndi kunkhokwe. Akazi anga sindinawauze. Iwo akaona chingwe panjira amayamba adumpha, kufunsa pambuyo.

Mvula yoyamba itagwa, yaikazi inaikira mazira asanu ndi anayi, oyera, ofewa ngati chikopa, omatana. Mazira a njoka safuna kutembenuza ngati a nkhuku. Amangofuna pofunda ndi ponyowa pang'ono. Ndinawaika m'chitini cha penti, n'kuwafunditsa utuchi, n'kukhazika chitinicho pamwamba pa kabati kuchipinda kwathu.

"Abambo, muli chiyani m'chitinimu?" anafunsa akazi anga.

"Mbewu yatsopano ya tiyi, yochokera kunja. Abwana andipatsa ine ndekha kuti ndiyese. Musaigwedeze, musaifukule. Imangofuna kuwaza timadzi m'mawa."

Bodza limeneli linandigwirira ntchito kuposa mmene ndinkaganizira. Akazi anga anaitenga ntchitoyo ngati yawo. M'mawa uliwonse ankakwera pampando n'kuwaza madzi ndi zala, mosamala kwambiri. Ku mpope anauza amayi anzawo kuti pa makapitawo onse, abwana amakhulupirira mwamuna wawo yekha. Ine ndinkangoti, "Pitirizani, mayi, ikamera abwana adzamva dzina lanu." Anawaza miyezi iwiri yathunthu.

Tsikulo ndinali pa sikelo masana, ndikuyeza masamba. Nditadzutsa mutu ndinaona akazi anga ataima pamzere pakati pa othyola tiyi, opanda dengu, phazi limodzi lopanda patapata. Sanadumphe munthu. Anadikira mpaka nthawi yawo itakwana, n'kugwada pang'ono, n'kunena motsitsa mawu:

"Akapitawo, tiyi wanu uja wamera."

"Wamera?"

"Wamera. Ali ndi maso. Wina akuyenda pabedi."

Ndinasiyira mnzanga sikelo n'kuthamanga. Dzira limodzi linali litaola, ena onse ataswa. Tiana take tinali ngati zingwe za nsapato, tonyezimira, malilime ali panja. Ndinatola tisanu ndi tiwiri. Kachisanu ndi chitatu ndinakafunafuna pansi pa bedi, m'masutikesi, m'thumba la ufa, osakapeza. Akazi anga anali chiimire pakhomo, manja ali m'chiuno. Ndinakapeza m'mawa mwake ndikuvala jombo, kakundinyereza kuphazi. Ndinakuwa ngati mwana, n'kugwera m'beseni la madzi.

"Ndinakaona dzulo kakulowa," anatero iwo, akusesa. "Koma munati ndisafukule."

Kulera kunali kwa ine ndekha. Kalikonse ndinakaika m'botolo lakelake, ndi kachitsekerero ka madzi ndi tsamba louma lobisalamo. Tiana ta njoka sitidya mpaka titafundula khungu loyamba, ndipo titafundula, mbewa zinatikulira. Tinkafuna tiabuluzi ting'onoting'ono. Ndiye munthu wamkulu ine, kapitawo wathunthu, ndikaweruka ndinkakwawa kuseri kwa zimbudzi za palaini, chipewa chili m'manja, kusaka abuluzi.

Anthu anayamba kufunsa akazi anga kuti abambo abuluziwa akutani nawo. Iwo akanatha kufotokoza, koma ankangopukusa mutu n'kunena kuti, "Afunseni eni ake. Ine ndikuopa kunena."

Mlungu usanathe, esiteti yonse inadziwa kuti ndakhwima. Kunena zoona, masiku oyamba zinandikomera. Palibe amene ankachedwa kuntchito, ndipo amene ankakonda kubisa timitengo m'munsi mwa dengu kuti lilemere anasiya okha. Koma Lamulungu benchi yonse ndinakhalapo ndekha, ndipo titaweruka akulu a mpingo anandiitanira kuseri. Ndinachita kukatenga mabotolo onse asanu ndi atatu, n'kuwandanditsa pakhonde la tchalitchi, n'kufotokoza kuyambira pa makoswe mpaka pa utuchi. Akuluakuluwo ankamvetsera ataima patali, wina atakwera pa njerwa. Anagamula kuti ufiti palibe, koma bodza lilipo, ndipo ndipepese akazi anga pamaso pawo. Ndinapepesa. Iwo anandisiya ndigwade kaye ndithu asanayankhe.

Tiana tisanu ndi tiwiri titakula pang'ono ndinatimasula. Kanatsala kamodzi, kowonda, kokana kudya. Ndinkakhala nako pafupi, buluzi ali m'botolo, iko kali zii.

"Kangadye bwanji mukukayang'anitsitsa choncho?" anatero akazi anga tsiku lina ali pazenera. "Inuyo mungadye munthu atakutong'olerani maso? Vundikirani nsanza, muchokepo."

Ndinavundikira. Pobwerako buluzi panalibe, kamimba kali tutumu.

Mwezi wotsatira ananditumiza ku Limbe kukaphunzira kwa masiku khumi. Ndinanyamuka ndi nkhawa, poti akazi anga analumbira kuti botololo sadzaliyandikira. Nditabwerako ndinapeza madzi ali atsopano, tsamba lasinthidwa, kanjoka katanenepa.

"Mayi, wakadyetsa ndani?"

"Kaya. Mwina abuluzi amalowamo okha," anatero, osandiyang'ana. Maondo awo onse awiri anali ndi dothi lofiira.