Dzanja Lothira Mchere

Maganizo opita ku Joni anandibwerera chaka chimene madzi anasefukira m'munda mwathu ku Bwanje n'kukwirira mpunga wonse ndi mchenga. Bambo wa mwana wanga anali atawoloka kale kupita ku Mozambiki, kumene ndinamva kuti anakwatirako wina. Ine ndinatsala pakhomo pa amayi anga ndi Tiyamike, kamtsikana kamene kanali kasanayambe n'komwe sukulu. Tsiku lina ndinamupeza mwanayo kuseri kwa nyumba akupala poto wa phala ladzulo ndi chala. Sindinafunse munthu nzeru. Ndinagulitsa mbuzi ndi njinga imene mwamuna uja anasiya, n'kuwauza amayi kuti ndikupita. Sanandiletse ayi. Anangoti, "Pita, mwanayu ndisunga ine. Koma usakatiiwale ukakayamba kudya za azungu."

Za azungu zake ziti? Kamba amene ndinanyamula, mpunga wophika ndi mtedza wokazinga, sanapite patali. Mpungawo unasasa ndi kutentha kwa ku Tete, ndipo ndinautaya pawindo la basi mtima ukuwawa. Dalaivala anatiimika pamalo ena odyera pamene iye ankadya ulere chifukwa chobweretsa makasitomala, ife n'kumulipirira m'mitengo yake yokwerayo. Mayi wogulitsa ananditsetserezera mbale patebulo osandiyang'ana n'komwe. Nkhuku yake inali yofa ndi ukalamba, tsabola wochita kutulutsa misozi, madzi osamba m'manja osaoneka. Ndinadya chifukwa cha njala, basi ikuliza hutala, fupa ndinamalizira pampando. Kuyambira pamenepo mpaka kukafika, kudya kwanga kunali kothamangitsidwa ngati galu wolowa m'khitchini mwa eni.

Ku Joni ndinapeza ntchito yotsuka mbale mu lesitilanti ina ya pafupi ndi pokwerera mateksi. Wophika wake atachoka, bwana anandikankhira pa sitovu chifukwa ndinali wotchipa, ndipo ndinaphunzira msanga. Anthu ankadya, kunyambita zala, kutumiza mawu kukhitchini oti nyama yakoma, koma akangondiona n'kumva malankhulidwe anga, nkhope zinkasintha. Anzanga a pantchito sankanditchula dzina, ndinali kwerekwere basi, dzina lonyoza limene amaitanira anthu obwera. Iwo ankadyera pamodzi patebulo la pakona, ine ndinkadyera kuseri, chiimirire, pafupi ndi mabini. Kuchipinda kumene tinkachita lendi ndi amayi awiri a ku Mangochi, aliyense ankaphika kapoto kake n'kudya atayang'ana kukhoma. Sindikuwanena, kumeneko chinthu chilichonse n'chogula. Koma ndinene zoona, njala sinandizunze ngati mmene kunandizunzira kudya popanda munthu wondiuza kuti, "Bwerani kuno tidye."

Amuna ondifuna analipo. Ndinawakana onse, osati chifukwa ndine mngelo ayi, koma munthu wofika kunyumba miyendo itatupa, thupi lonse likununkha mafuta a tchipisi, chimene amafuna ndi madzi otentha ndi bulangete. Ndikunena zimenezi tsopano chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonseyi.

Mwezi ukatha ndinkatumiza ndalama. Mauthenga ochokera kwathu ankafanana ngati obadwa mimba imodzi: feteleza, yunifomu, maliro a uje, denga likudontha. Nditawagulira foni, amayi anaphunzira kujambula mawu, ndipo kumapeto kwa uthenga uliwonse ankamupatsa Tiyamike kuti anene kanthu. Mawu akewo ndinkawamvetsera mobwerezabwereza kuseri kuja, mbale ili m'manja. "Amayi, mubwera liti? Mudzandiphikire nkhuku ngati imene mumaphikira anthu a kumeneko." Mwana ameneyu anakula m'foni. Ndinamusiya asanadziwe kugwira pensulo, ndinabwerera akukonzekera mayeso a sitandade faifi.

Pobwerera ndinatsika minibasi pa Sharpevale, n'kukweza zikwama pa njinga za kabaza. Malata a nyumba ya amayi ndinawaonera patali akunyezimira. Anthu anadzaza pakhomo, nthungululu zili wiwiwi, zikwama zinatsegulidwa ndisanamwe n'komwe madzi. Zitenje, nsapato, mabulangete, mafuta odzola, zonse zinapeza eni ake. Tiyamike anandikumbatira mwamanyazi, wamtali kundifika paphewa. Tsiku limenelo ndinaganiza kuti mavuto anga atha.

Kutacha ndinapha tambala. Ndinali nditabwera ndi zokometsera zanga m'timapepala, ndinakazinga anyezi, tomato, fungo n'kufika mpaka kwa aneba. Tiyamike anakhala pambali panga akupenyerera. Nditatambasula dzanja kuti nditape mchere, amayi anandigwira pamkono.

"Mchere usathire iwe. Tiyamike, bwera uthire."

"Amayi, ine sindili kumwezi."

"Sindikunena zimenezo."

Ndinamva ngati andithira madzi a m'firiji. Mwambowo ndimaudziwa, ndinakulira momwemo. Mkazi amene wakhala akugona ndi amuna a m'tchire amati ndi wotentha, ndipo akathira mchere m'ndiwo, ana odya ndiwozo amadwala tsempho, kutupa miyendo ndi kutsokomola. Amayi anga, pamaso pa mwana wanga, anali atandiuza chimene ankandiyesa.

Nditawatengera pambali, sanabise mawu. "Zaka zonsezi ku Joni wopanda mwamuna? Ukundiyesa mwana ine? Za akazi opita kumeneko timazimva. Sindikukuda, mwana wanga, koma sindilola kuti undiphere mdzukulu." Anati njira ilipo. Tipite kwa mayi wina wodziwa zitsamba kutsidya kwa ngalande, ndikaulule amuna onse amene ndinayenda nawo, atipatse mankhwala othira mumphika, tidye tonse, nkhani ithe.

"Ndikaulule ndani, poti palibe?"

"Ndiye kuti sunakonzeke," anatero, n'kubwerera kokapeta mpunga.

Ndinapsa mtima kwambiri. Malata ali pamutu pawo ndi a thukuta langa. Foni, feteleza, chitenje chimene anavala akundinena, zonse zinachokera m'dzanja lomweli, ndipo palibe tsiku limene anabweza ndalama kunena kuti zikutentha. Anzanga ena anandilangiza kuti ndingopeka dzina, ndinene kuti kunali mwamuna mmodzi wa ku Zimbabwe, ndimwe mankhwalawo, mtendere ubwere. Ndinakana. Kukagwada pamphasa ya munthu n'kudzitcha hule kuti andilole kuphikira mwana amene ndinabereka ndekha? Ayi ndithu.

Tsiku lina amayi ali kumunda ndinaphika nyemba n'kuthira mchere ndi dzanja langa, mwadala. Atabwera anafunsa Tiyamike ngati wathira ndi iye, mwanayo n'kupukusa mutu. Amayi ananyamula poto wonse n'kukakhuthulira agalu, anthu a pamudzi akuona. Kuchokera tsiku limenelo mwana wanga anayamba kundiopa. Ndikamupatsa sikono, ankalandira ndi manja awiri mwaulemu n'kukaisiya pakhonde. Nditamufunsa, anayankha maso ali pansi. "Agogo akuti ndikadya zanu nditupa, ndizitsokomola magazi, kenako ndifa."

Ndinasiya kudya pakhomopo. Masana ndinkakwera kabaza kupita ku Sharpevale, ku lesitilanti ya Nangozo, mnzanga amene tinaphunzira limodzi ku pulaimale. Ndi kachipinda ka mabenchi, matebulo oyala pulasitiki, wailesi yosatseka pakamwa, ndi katani yothimbirira yotchinga khomo la kukhitchini. Amadyamo a kabaza, mavenda ogula mpunga ndi masikelo awo, ndi anthu ochokera kuchipatala. Ntchentche nazo zimadya nawo osalipira. Ndinkakhala pakona ndi mbale yanga ya mpunga wa nyemba, ndikumva manong'onong'o kumbuyo. "Mjoni uja. Anazolowera za m'mahotela, zapakhomo sizimukomanso." Ndinayenda ulendo wonse uja kuti ndidzadye ndekha pakona, kwathu, ngati munthu wodikira basi.

Tsiku la msika ndinalowa kwa Nangozo n'kupeza amayi atakhala pabenchi ndi Tiyamike. Anali atagulitsa mpunga, ndipo patsogolo pawo panali mbale za nyama ya mbuzi, msuzi uli noninoni. Mwanayo ankadya mosangalala, mafuta ali m'milomo. Nangozo anandinong'oneza kuti amabwera tsiku la msika lililonse, kuyambira kale ine ndili ku Joni. Ndinapita n'kukaima pamutu pawo, anthu onse akumva.

"Amayi, ndiwo zimenezi wathira mchere ndani?"

Anangopitiriza kutafuna.

"Kukhitchiniko kuli atsikana aganyu, amasinthana mwezi ndi mwezi. Mukudziwa kumene anagona dzulo? Munawatengera kwa mayi wa zitsamba uja?"

Amayi anameza, n'kupukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje. "Amenewo sitikuwadziwa. Iwe tikukudziwa."

Wa kabaza wina anaseka mpaka kutsamwa. Ine ndinatuluka osadya.

Sabata yonse mawu amenewo anandizungulira m'mutu, ndipo ndi amene anandipatsa nzeru. Ngati mwana wanga amadya za munthu wosadziwika, ndiye ndikhala wosadziwika. Ndinamupempha Nangozo kuti tsiku la msika lotsatira andilole kuphika. Anayamba wakana. "Felesiya, amayi ako ndi kasitomala wanga, ukufuna undiyambanitse nawo?" Ndinamuuza kuti sindituluka kuseri kwa katani, ndipo sindikufuna malipiro. Ndikungofuna ndione mwana wanga akudya chimene ndaphika, kamodzi kokha, ndipo pakapita masiku osatupa, ndidzawauze amayi kuti taonani. Pamapeto pake anavomera n'kunena kuti ndibwere m'mawa anthu asanachuluke.

Tsikulo litafika ndinaphika nyama ya mbuzi ngati ndikuphikira ukwati. Ndinaisiya ifewe pamoto wa makala pang'onopang'ono, ndinathira zokometsera zanga zotsala, ndipo mchere ndinatapa ndi zala zanga, kulawa, n'kuwonjezera pang'ono. Dzuwa lili pamutu anafika. Ndinasuzumira pakabowo ka katani. Nangozo anawathirira madzi osamba m'manja n'kuwaikira mbale. Tiyamike analawa, n'kudzutsa mutu, n'kuyamba kudya mofulumira, osayang'ananso kumbali. Amayi nawo ankangogwedeza mutu. Ndinawamva akuti, "Anangozo, lero ndiye mwaphika." Misozi inanditsika ndili chiimire ndi chipande m'manja. Zaka zonse za kuseri kwa mabini zija, ndinaona ngati zalipidwa.

Koma ndiwo zikakoma mwana amafuna zina. Nangozo anali panja akukangana ndi wogulitsa makala, ndipo Tiyamike, poti malowo anawazolowera, ananyamula mbale yake n'kubwera yekha kudzapempha msuzi. Anakankha katani. Tinayang'anana.

Anayang'ana ine, anayang'ana chipande, anayang'ana poto. Mbale inagwa pansi. Ndinati, "Tiya, mwana wanga, usaope, palibe chimene chikuchitikire," koma anali atathawa kale. Ndinamutsatira mpaka pakhomo. Anagwada m'mbali mwa ngalande ya madzi otsukira mbale, analowetsa zala kukhosi, n'kuyamba kudzisanzitsa akulira. "Agogo, ndifa! Agogo, ndadya, ndifa!" Amayi anathamangira pomwepo, kumusisita pamsana, kumulimbikitsa kuti atulutse zonse. Msika wonse unaima kuonerera. Palibe amene anafunsa kuti mwana wa zaka zimenezo anamuphunzitsa ndani kuopa mayi wake chotere. Onse ankayang'ana ine, mfiti yogwidwa masana ndi chipande m'manja.

Tiyamike sanatupe, sanatsokomole ngakhale kamodzi. Amayi anati n'chifukwa choti anasanza msanga.

Pano ndili ku Joni, pa sitovu ina, ndikuthirira mchere anthu amene sadziwa dzina langa ndipo alibe nalo ntchito. Kwa nthawi yaitali ndinkakhulupirira kuti chipongwe chili kuno, kwa eni dziko, ndipo kwathu kuli mpando wanga ukundidikira. Eni dziko kuno amandinyoza, koma chimene ndaphika amadya n'kumaliza. Tsiku lonyamuka kubwerera kuno, Tiyamike anandiperekeza mpaka pamsewu, atanyamula chikwama changa pamutu. Minibasi itaima ndinagula nthochi kwa mayi wina wa pamsewu, ndinathyola imodzi n'kumupatsa. Anaiyang'ana, anayang'ana dzanja langa, n'kunena mwaulemu wonse umene agogo ake anamuphunzitsa, "Zikomo amayi, ndakhuta."