Kamakina Komwe Ndinapimira Atate

Ndinawanamiza atate. Kukoleji tinapanga kamakina kopima mpweya wa m'kamwa. Mkati mwake muli tifumbi tachitsulo tosaoneka ndi maso, ndipo mpweya wa wodwala shuga ukatikhudza, mphamvu ya magetsi imasintha, nambala n'kukwera.

Nditafika nako kwathu ku Matero, atate anavala jekete, n'kuitana aneba.

"Bwelani muone vamene apanga mwana wanga!"

Atate atauziramo, nambala inakwera kwambiri. Koma mwana angalengeze bwanji matenda a bambo ake pagulu? Ndinagogoda kamakinako ngati wailesi yakufa.

"Muli che bwino, batate."

Ndinkati ndiwauza mawa, koma mawalo silinafike.

Pamaliro awo, neba wina anandinong'oneza: "Kuchipatala benze kukana. Ati mwana wanga ananipima kudala, nili che bwino."