Kamera Yam'kabati

Ndinaganiza zochoka tsiku lomwe dzanja langa linachita dzanzi m'fiyeta. Ndinali namwino pachipatala china cha mishoni, ndipo ntchito yanga inali yogwira kamera. A dokotala Mbewe akamachita opaleshoni ya amayi yoboola timabowo pamimba m'malo mong'amba, ine ndinkagwira kandodo ka kamera kolowera pamchombo, maola atatu osagwedezeka, iwo maso ali pa sikirini. Pachipatala ponse wodziwa ntchitoyo ndinali ine ndekha. Ankanditama kuti ndimadziwa kumene akufuna kuona asanatsegule pakamwa. Koma mawu okoma sadyeka, ndiye ndinaphunzitsako mtsikana wina ntchitoyo n'kunyamuka ulendo wa ku Canada.

Ku Toronto mapepala anga a unamwino anawakana, ndipo ndinathera m'chipinda chotsukira zida. Tsiku lina ndinasuzumira pagalasi la fiyeta. Kamera inali itagwiridwa ndi mkono wachitsulo, dokotala akungoponda batani, mkonowo n'kutembenukira komwe akufuna. Sutopa, sunjenjemera, supempha tchuthi. Ndinachita manyazi ngati ndagwidwa ndikuba. Pabasi yobwerera ku Scarborough ndinadandaulira mnzanga wa ku Chipata amene tinkachita naye lendi, iye n'kungoti, "Asisi, musamazifile kwambiri, kuno n'chonchi." Zaka zinayi ndinatsuka kamera za eni ake, osaloledwa kuzilozetsa pamimba ya munthu.

Kenako mng'ono wanga Tiyamike anayamba kutumiza mauthenga. Anamupeza ndi zotupa m'chiberekero, magazi osaleka, chonsecho anali asanaberekepo mwana. Ankaopa kuti akamung'amba achotsa chonse. Ine, katswiri wa kunja, ndinamulimbitsa mtima ndi pakamwa ponse. Ndinati apite kwa a Mbewe, ndi timabowo titatu basi, chiberekero chitsala, sabata isanathe adzakhala akuchapa yekha. Ndinatumiza ndalama, kenako ndinagula tikiti.

Ndinafika kutatsala tsiku limodzi kuti opaleshoni ichitike. A Mbewe anandilandira bwino, tsitsi litayera, n'kunditengera kukabati yapakona. Kamera ija inali mmenemo, yokulungidwa m'nsalu yobiriwira imene kale ndinkaipinda ndekha.

"Mtsikana amene munamuphunzitsa uja naye anapita kunja," anatero. "Ine manja ndili nawo awiri okha, sisitala."

Ndinawachonderera kuti ndigwire ine, kamodzi kokha. Anapukusa mutu. Laisensi yanga ya kwathu inali itatha kalekale, komanso chingwe cha kamerayo chinafa ndi kukhala. Panalibe woti ndimukalipire, ngakhale ndinkafuna kukalipa.

M'mawa mwake ndinakhala pabenchi panja pa fiyeta, pakati pa anthu odikirira odwala awo, manja ali pamiyendo. Anamung'amba. Magazi anachuluka, ndipo kuti apulumutse moyo anachotsa chiberekero. A Mbewe anandiuza kuti mwina ngakhale ndi kamera zikanatha chimodzimodzi. Mwina. Mawu amenewo ndimagona nawo mpaka lero.

Ku Canada ndinkalira kuti chitsulo chandilanda malo. Sindinaganizepo kuti kwathu malo angawo anangotsala opanda munthu, ndipo amayi onse obwera pambuyo panga ankang'ambidwa.

Tiyamike anatsitsimuka chakumasana. Anandiyang'ana, milomo itauma, dzanja likufufuza pamimba pamwamba pa bulangete.

"Achemwali," ananong'ona, "ndi timabowo tingati?"

Ndinagwira dzanja lakelo lisanafike pabandeji, ndipo sindinalisiye.