Zala za Agogo a ku Korea

Pofuna ntchito yosamalira okalamba ku New Malden, kutsidya kwa nyanja, ndinanamiza abwana kuti chinenero chamanja ndimachidziwa. Anandipatsa agogo ena osamva, ochokera ku Korea.

Kwa masabata angapo, m'mawa uliwonse agogowo ankapinda zala za dzanja limodzi pang'onopang'ono, akundiyang'ana m'maso. Ine ndinkangoti ndi moni. Ndinkawabwezera zomwezo, mano onse ali pamtunda, n'kuwapatsa tiyi.

Tsiku lina agogowo anadwalika. Atawathamangitsira kuchipatala, mwana wawo wamkazi anabwera kudzatenga zovala. Pofuna kudzionetsa, ndinamupatsa moni uja ndi zala.

Anaika chikwama pansi. "Mwaziona kuti zimenezo?"

"Mayi anu anandiphunzitsa."

"Ndi zilembo za Chikoreya," anatero. "Zikutanthauza kuti 'ndikumva kuwawa.' Anayamba liti kukuuzani?"

Ndinayang'ana pansi n'kuyankha kuti, "Dzulo lomweli."