Malo Akuda pa Chithunzi cha Mayi a Simbi

Akhristu anzanga, Mayi a Simbi tawaika m'manda Loweruka, ndipo ndikulemba izi mtima uli phuphuphu ndi mkwiyo.

Anakulira m'tchalitchi muno. Amayi awo ankachapa nsalu za paguwa, ndipo atamwalira, iwo anatenga ntchitoyo ali mtsikana. Zaka makumi anayi anasita ndi simbi yamakala m'kachipinda kopanda zenera kuseri kwa guwa, akuuzira motowo ndi pakamwa. Makala a lubani ankayatsanso iwo. Tikawaseka kuti akununkha utsi, ankangoti Ambuye asakhale pa nsalu yamakwinya.

Atakalamba anayamba kubanika, ndipo kuchipatala anawajambula pachifuwa. Pachithunzipo panaoneka malo akuda bii. Dokotala anafotokoza kuti pakuda choncho pali mpweya wokhawokha, ndipo zoyambitsa n'zambiri: bowo la chifuwa chachikulu, chithupsa, phapo lobooka, kapena timatumba ta mpweya toonongeka ndi utsi. Anawauza kuti adikire zotsatira za makhololo.

Ife sitinadikire. Mayiwo anabwera nacho chithunzicho kuti tiwapempherere, koma a komiti tinachiimika pazenera ngati tinaphunzirapo udokotala. A tcheyamani, amene ntchito yawo ndi yomata matayala, analoza ndi chala n'kugamula kuti ndi chifuwa chachikulu. Tinawalanda kiyi wa kachipinda kaja, n'kuwasonyeza benchi lakumbuyo kuti azikhala okha. Kalata yowauza zimenezi ndinalemba ndine, mlembi wanu.

Zotsatira zitabwera, chifuwa chachikulu munalibe. Mapapo awo anatha ndi utsi, utsi wa ntchito yathu yomwe. Pepala la zotsatirazo mayiwo anandipatsa ndi manja awiri kuti ndiliwerenge m'tchalitchi, anthu aleke kuwathawa. A tcheyamani anati lichititsa manyazi komiti, ndipo ine, wamantha, ndinaliika m'dirowa.

Zaka ziwiri anakhala kumbuyoko, ndipo popatsana mtendere pa Misa panalibe wowagwira dzanja. Mwana wawo wamkazi anatopa nazo, n'kuwauza kuti angosiya kubwera.

"Iyayi mwanawe," anamuyankha. "Andichotsa pa simbi, pa Misa ayi. Pepala lija awerenga, mwina sabata yamawa."

Anamwalira m'mawa wa Lachinayi mwamtendere, korona ili m'manja. Pamaliro, ife tomwe aja tinakanganirana kunyamula bokosi, ndipo a tcheyamani analankhula nthawi yaitali za kudzichepetsa kwawo.

Pepala lija ndalitulutsa m'dirowa. Lamlungu lino ndiliwerenga lonse, a tcheyamani afune asafune. Ndikaimirira kumbuyo, pa benchi lawo lija, kuti nonse mutembenuke ndi kuona pomwe tinawaika.