A Makwerero ndi Ndowa Zawo

Choyamba chimene mayi wosesa anaona kwa munthuyo chinali mapazi. Linali sabata lake loyamba pantchito m'laibulale ya koleji ya boma, ndipo akukolopa pakati pa mashelefu anangoona mapazi awiri akulendewera pabowo la siling'i, lina lovala nsapato, lina lopanda.

"Inu muli pansinu, tandipatsirani nsapato yanga. Yagwera pa mabuku a zaulimi," anatero mawu ochokera kudenga.

Amene anatsikawo anali bambo wamfupi wa imvi za apo ndi apo, phewa lamanja lotsika kuposa linzake. Atavala nsapato anamuyang'anitsitsa mayiyo.

"Kodi si inu akazi a malemu dalaivala wa basi yathu? Amene aja anali achimwene anga a pantchito. Ndiye kuti ndinu alamu anga. Pepani, alamu. Kumaliro ndinabwera, koma ndinaima kumbuyo."

Mayiyo anangoyang'ana chikolopa chake n'kuthokoza chapansipansi. Ntchitoyo anaipeza chifukwa cha imfayo. Akuluakulu a koleji anamumvera chisoni n'kumupatsa tsache, ndipo tsiku lililonse ankaligwira ngati chinthu chobwereka chimene mwiniwake angachiitanitse nthawi iliyonse.

Dzina lenileni la bamboyo ankalidziwa ndi a ku ofesi okha. Ena onse, kuyambira ophunzira mpaka aphunzitsi, ankati a Makwerero, chifukwa palibe amene anawaonapo opanda makwerero paphewa. Anafika pakolejipo ali mnyamata, kudzasenza njerwa pa nyumba yogona ophunzira imene boma linayamba kumanga. Ndalama zinathera panjira, omanga anapita, ndipo kuseri kwa khitchini kunatsala zipilala zokhala ndi zitsulo zoloza kumwamba. Iwo sanapite. Wina anawapempha kukonza chitseko, wina mpope, wina mpando, zaka n'kumapita.

"Ine ndi zipilala zija tinabwera ndi bajeti imodzi," ankatero. "Tonse sitinamalizidwe."

Anali ndi luso lotenga mipando itatu yothyoka n'kutulutsamo iwiri yabwino. Koma sanalembedwepo ntchito yokhazikika. Kontilakiti yawo inkatha chaka chilichonse, ndipo inkadzuka pokhapokha Nyumba ya Malamulo ikavomereza ndalama zokonzera nyumba za koleji. N'chifukwa chake nyengo ya bajeti ikafika ankakoleka kawailesi pamakwerero n'kumatchera khutu ngati mmene anzawo ankamvetserera mpira.

"Ndalamazi, alamu, zimanyamuka kulikulu zili ng'ombe. Zikafika ku unduna zasanduka mbuzi. Pofika pageti pathupa ndi nkhuku. Ine ndimalandira nthenga, koma nthengazo n'zimene zalera ana anga."

Mayiyo ankaseka atatseka pakamwa ndi dzanja. Iye ankawatchula kuti bambo basi. Chilamu chimenecho ankachichita okha a Makwerero.

Ntchito yawo yaikulu inali denga la laibulale. Malata anali atadyeka, ndipo pamene amata phula chaka chino, chaka chamawa pankadontha pambali pake. Pamapeto pake anangosonkhanitsa zotchera madzi: ndowa ya buluu yong'aluka kukamwa, beseni losambitsira mwana, zitini za penti, mphika wopanda chogwirira umene ophika anataya, ndi kachidebe kena kamene aliyense amene analerapo mwana ankadziwa ntchito yake yoyamba. Zonsezo ankazitchula kuti aphungu.

"Taonani olemekezekawa. Aliyense ali pampando wake, akulandira, salankhula."

Mvula ikamagwa, awiriwo ankagwira ntchito limodzi, iwo kusuntha, iye kutaya madzi. Mmenemo ndi mmene mayiyo anadziwira za lonjezo. Mkulu wa koleji anauza a Makwerero kuti denga latsopano likalowa m'bajeti padzafunika kapitawo wokhazikika, wa penshoni, ndipo kapitawoyo adzakhala iwo. Koma zaka zinali zitawathera. Chaka chotsatira akanakhala atapitirira msinkhu umene boma limalembera anthu ntchito. Bajeti ya chaka chimenecho inali yawo yomaliza.

Mvula itangosiya kunamveka kuti komiti ya aphungu yoona za maphunziro ikuyendera makoleji onse isanapereke maganizo ake pa bajeti. Pakoleji panadzuka fumbi. Udzu unatchetchedwa, miyala ya m'mbali mwa msewu inapakidwa laimu. Kutatsala tsiku limodzi, a Makwerero anamupeza mayiyo akupukuta mawindo.

"Alamu, mawa musasese kwambiri."

"Ndisasese, bambo?"

"Sesani, koma aphungu angawa musawakhudze. Kunja kwayera, denga silidzalankhula. Olankhula ndi awa. Mlendo akapunthwa pa beseni, adzayang'ana kumwamba. Amayi oyang'anira laibulale nawo avomera, ati iwo sadzaona kanthu."

Mayiyo anagwedeza mutu. Anavomera ndithu, zimenezo sangakane.

M'mawa mwake a Makwerero anatumidwa kukatsegula chimbudzi cha alendo chimene chinatsekeka. Amayi oyang'anira laibulale anaitanidwa kukaima pamzere wolandira alendo. Mayiyo anatsala yekha ndi ndowazo. Dzuwa linali likulowa pamawindo amene anapukuta dzulo lake, ndipo linkaonetsa zonse: madzi obiriwira otsalira pansi pa mphika, dzimbiri la zitini, ntchentche yakufa ikuyandama m'beseni.

Pawindo anaona magalimoto akulowa. M'galimoto ina munatsika mayi wina wovala nsapato zoyera mbuu.

Mayi wosesa uja anayang'ananso ndowazo. Kwawo kumene anakulira, mlendo akamveka panja ankabisa ngakhale mbale yong'aluka. Ndipo anadziwa kuti alendo akalowa pamalo ponyansa safunsa kuti amagula malata ndani, amafunsa kuti amasesa ndani. Anadziuza kuti angotaya madziwo, azitsuke pang'ono, azibwezere. Anazitsuka ndithu. Akuti azibwezere, anamva nsapato zambiri zikugogoda pakhonde. Anazisanjikiza msangamsanga n'kuzikankhira pansi pa masitepe. Pamene zinakhala panali mizere yozungulira, ndipo dzanja lake linapitapo lokha ndi chikolopa. Pakona pamene thabwa la pansi linawola, anakokerapo mphika wa maluwa. Mabuku otupa ndi madzi anawatsitsira ku shelefu yapansi.

Alendo analowa. Amayi oyang'anira laibulale anaima pakhomo, maso awo akuyenda pansi ponse kufunafuna. Kenako anatsokomola.

"Olemekezeka, vuto lathu lalikulu ndi denga. Limatidonthera kwambiri."

Wapampando wa komiti anakweza maso pang'ono.

"Timadontho timeneto? Apo ndi penti basi, mayi. Dzulo tinali pakoleji ina, ophunzira atakhala pa njerwa. Inu muziyamika."

Mayi wa nsapato zoyera uja anatsalira m'mbuyo, akuyendetsa chala pa shelefu n'kuchiyang'ana.

"Amasesa muno ndani?"

Anthu anapatuka, ndipo mayiyo anaonekera pakona pamene anabisala. Phunguyo anabwera n'kumugwira chanza ndi manja awiri.

"Mayi, tayenda malo ambiri. Pansi pano munthu angadyerepo. Mulungu akudalitseni."

Chimene chimamuvutitsa mayiyo mpaka lero ndi chakuti anasangalala. Chimwalirireni mwamuna wake panalibe amene anamuyamikirapo kanthu. Alendo atatuluka anakhala akuyang'ana dzanja lakelo, ndipo anadzimva akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi.

Masana a Makwerero analowa, malaya atanyowa mpaka m'zigongono. Anaima pakati pa chipinda n'kuzungulira pang'onopang'ono.

"Aphungu athu apita kutchuthi?"

Iwo anasuzumira kuseri kwa mashelefu, kenako pansi pa masitepe. Anatulutsa ndowa ya buluu n'kuitembenuza padzuwa.

"Ndipo asamba," anatero.

Anazibwezera imodziimodzi, iliyonse pamalo pake, ngakhale kuti pansi panalibenso mzere wowalozera. Atamaliza anasenza makwerero awo n'kutuluka. Nkhaniyo sanaitchulenso.

Kuyambira tsiku limenelo mayiyo anayamba kubwera ndi tiyi m'fulasiki ndi buledi wopaka majarini, n'kumaziika pa sitepe yoyamba ya makwerero.

"Alamu, mwayamba kundifunsira? Ndikauza akazi anga, akubwererani ndi mpini."

Kangapo anatsegula pakamwa kuti anene chinachake, koma nthawi zonse a Makwerero ankayambitsa nkhani ina, ya bondo lawo limene linkatupa kukazizira, kapena ya mphunzitsi wina amene anadzitsekera m'ofesi ndi makiyi ake omwe. Mayiyo sankadziwa ngati akumuchitira chifundo kapena akungokana kumva.

Tsiku la bajeti anamvetsera limodzi pansi pa masitepe, kawailesi katapachikidwa pamsomali. Nduna inalankhula za misewu, za mankhwala, za madamu, aphungu akumenya matebulo. Kenako inatchula makoleji a boma m'mpweya umodzi n'kupitirira.

"Tatchulidwa, bambo?"

"Tatchulidwa. Ngati mmene abusa amanenera kuti 'ndi ena onse odwala'."

Zenizeni zinadziwika patapita masabata. Mkulu wa koleji anasonkhanitsa antchito mu holo n'kunena kuti ndalama zimene zabwera zingokwanira malipiro a olembedwa ndi magetsi. Zokonzera nyumba zadulidwa. Denga mulibe. A makontilakiti onse amaliza mwezi umenewo, ndipo iye sakanatha kuchitapo kanthu. Polankhula sanayang'ane kumbali kumene kunakhala a Makwerero.

Panja aliyense anali ndi chifukwa chake. Wophika anati ndalama zapita ku misewu chifukwa chisankho chayandikira. Mlonda anati mkulu wa kolejiyo alibe anzake kulikulu. Amayi oyang'anira laibulale anati amva kuti komiti ija inanena kuti koleji yawo ndi yosamalidwa bwino. Ananena mawuwo akuyang'ana makiyi amene anali m'manja mwawo.

"Aaa, zisiyeni," anatero a Makwerero. "Mwina akanaona ndowa akanati tikukolola madzi a mvula, n'kutidulanso ndalama ya madzi."

Onse anaseka kupatula mayiyo. Mwina wophika ankanena zoona. Mwina zonse zinali zitagawidwa kale alendo aja asanakwere n'komwe magalimoto. Mwinanso phungu wa nsapato zoyera akanapunthwa pa beseni n'kukalankhula ku Nyumba ya Malamulo. Palibe amene akanamuuza mayiyo zoona zake, ndipo kusadziwako n'kumene kunkamulanda njala. Iye ntchito yake inali yokhazikika. Mwezi utatha analandira malipiro ake onse.

Tsiku lomaliza a Makwerero analowa m'laibulale opanda makwerero. Anali atawabweza kusitolo, chifukwa anali a koleji. Phewa lija linali lotsikabe, ngati likusenza chinthu chosaoneka. M'manja anali ndi kachitini ka penti wofiira ndi kabulashi.

"Alamu, tanyamulani aphunguwa mmodzimmodzi. Mvula ikayamba mudzakhala nokha, musadzasokoneze mipando."

Mayiyo ankanyamula, iwo n'kugwada movutikira, bondo likulira, n'kujambula mzere wozungulira pamene panali ndowayo. Ankafotokoza akujambula. Ya buluu imayamba kudzaza, asamaidikire. Mphika uja mphepo ikachokera kukhitchini amausuntha pang'ono kumanzere. Kachidebe kamwana ndi kakang'ono koma pamalo pake pamadontha mwaulemu. Atafika pakona anasuntha mphika wa maluwa uja, umene unali pomwepo chikhalireni, n'kujambula mzere waukulu kuzungulira thabwa lowola.

Mayiyo anaima ndi beseni m'manja.

"Alamu," anatero, ndipo kanali koyamba kuwatchula choncho. "Mukakhala bwanji?"

"Eee, lero ndakwezedwa, ndine alamu!" Anaseka mpaka kutsokomola. "Mlongo wa akazi anga amakhoma zitseko kumsika. Ati akufuna wogwira misomali. Munthu woti ndinamusambitsapo ali mwana, lero ndiziti bwana. Tikaona konko."

Anatseka kachitini, anapukuta bulashi pa thalauza, n'kudzuka atagwira shelefu. Pansi ponse panali mizere yofiira yonyezimira, kuyambira pakhomo mpaka ku mabuku a zaulimi. Dontho limodzi linagwera pambali, ndipo mayiyo, asanaganize n'komwe, anali atawerama kale ndi kansanza kuti apukute.

A Makwerero anaima pakhomo n'kumuyang'ana kwa kanthawi, akumwetulira mbali imodzi.

"Ndi penti wa mafuta ameneyo, alamu. Ngakhale kubwere alendo, musadzavutike kukolopa. Sachoka."