Kadontho kakuda kuseri kwa khutu

Mwana wanga anali asanayambe kukwawa pamene ndinamupeza ndi kadontho kakuda kuseri kwa khutu. Ndinali ndikumusintha zovala, titangotsika kuchokera kwa anti apamwamba.

Tinkakhala ku Govanhill, kudziko la azungu, m'nyumba zosanjikizana, ife pansi, iwo pamwamba pathu. Antiwo anali mayi wachikulire wochokera ku India, ndipo ndi iwo okha amene ndinkawasiyira mwana Lachinayi ndikapita ku ntchito yanga yosamalira okalamba. Banja lawo linali ndi webusaiti yosungirapo miyambo ya kwawo imene ikutha. Anti ankachita mwambowo, mwana wawo wamkazi n'kumajambula, mkamwini n'kumaika pa intaneti. Ndikalowa ndinkaona tinyale tadothi ndi ulusi wofiira pathebulo, koma sindinafunsepo. Mwana ankadya, ankagona, basi ndinkathokoza.

Nditaona kadonthoko ndinasiya kumuveka. Kwathu chinthu chakuda chotero pakhungu la khanda chili ndi dzina: mphini. Amatema ndi lezala n'kupakamo mankhwala owotcha. Inenso ndili nazo pachifuwa, ndipo mpaka lero amayi sanena bwinobwino kuti zinali za chiyani.

Ndinaphunzira ku koleji, bala ndimadziwa kulitsuka, koma kadontho kameneka sindinayerekeze kukakhudza. Ndinkaopa kuti ndipeza pochekedwa, ndiye zikhala zoona. Mawa lake kunkabwera namwino woyendera makanda. Kuno akaona khanda lochekedwa safunsa kuti ndi mwambo wa kuti, ndiponso ndani akanakhulupirira kuti mayi wa ku Malawi, wamphini pachifuwa, si amene wachita? M'maganizo ndinkaona anthu aboma akutuluka naye pakhomo, ine nditatsala ndi kabotolo ka mkaka m'manja.

Bambo ake anali ku ntchito, foni yozimitsa. Ndinaimbira amayi ku Zomba pa vidiyo. Anati ndiyandikitse foni, anayang'anitsitsa, n'kufunsa ngati thupi latentha. Kenako anati, "Iwe, unamusiyiranji kwa anthu oti sudziwa zimene amapembedza?" Netiweki inaduka ndisanayankhe.

Pamenepo ndinatsegula webusaiti ija koyamba. Sindinkawerenga, chala chinkangothamanga. Ndinaima pa vidiyo ya manja okalamba atagwira supuni pamwamba pa nyale, supuniyo ikuda ndi mwaye. Zibangili za pamkonopo ndinazizindikira. Mankhwala akuda ochokera pamoto, chimodzimodzi kwathu. Sindinadikire kuti vidiyoyo ithe.

Ndinamubereka mwana n'kukwera masitepe. Anti anatsegula manja ali ufa okhaokha, akumwetulira. Sindinawapatse moni, munthu wamkulu ngati ameneyo. Ndinatsitsa mwana, n'kupinda khutu lija.

"Mwamucheka ndi chiyani mwana wanga?"

Sanamvetse. Anangoyang'ana ine, n'kuyang'ana khutu. Mwana wawo wamkazi anatulukira kuchipinda, ataona analankhula mwaukali kwa amayi akewo m'chinenero chawo. Anatenga kansalu konyowa, nati, "Mundilole, mchemwali." Ndinatseka maso. Nditatsegula, kadontho kanali pakansalu, khungu lili bwinobwino, popanda ndi kukandika komwe.

Anandifotokozera kuti ndi mwaye wosakaniza ndi mafuta. Amadontheza pa khanda kuti lioneke ngati lili ndi chilema, maso a anthu olisirira asalipweteke. Tsikulo anti anapita naye kukagula masamba, ndipo mayi wina m'sitolomo anamuyamikira mwana mopitirira. Iye mwini, anatero, anakana kuti ana ake azipakidwa zimenezi, moti pa webusaiti amaonetsera pa chidole.

Anti anali ataima pambali, akupukuta manja pa epuloni ngakhale ufa unali utatha kale. Anati motsitsa mawu, "Ndi wokongola kwambiri. Anthu amamuyang'anitsitsa."

Ndinawauza kuti asadzachitenso. Anavomera ndi mutu. Nditatsika ndinamuvula mwana zonse pafupi ndi windo, n'kumufufuza paliponse, m'khosi, m'khwapa, pakati pa zala. Namwino anabwera m'mawa, anamuyeza sikelo, anati akukula bwino, n'kupita.

Lachinayi lotsatira ndinaima nthawi yaitali pansi pa masitepe, chikwama cha matewera paphewa. Kunalibe kwina komusiya. Ndinakwera, ndinapereka moni wabwino, anti anamulandira ndi manja awiri. Ku ntchito ndinagwetsa kapu ya tiyi, mnzanga n'kufunsa ngati ndikudwala.

Madzulo makutu anali oyera, ndinayang'ana onse awiri. Kenako tinakwera basi kupita ku Shawlands kukakumana ndi bambo ake. Mayi wina amene anakhala moyang'anizana nafe anayamba kumusekerera mwana, kumuyamikira masaya, tsitsi, maso, osasiya. Ndinamwetulira, ndinathokoza. Koma dzanja langa linali litakokera kale nsalu kumaso kwa mwana, ndipo sindinaichotse mpaka mayiyo atatsika.